Makatuni osalankhula akale: mafunso ndi mayankho okhudza Felix, Gertie, Koko ndi Oswald

Anthu akaona pa YouTube timafilimu takale ta zidole, topanda mtundu komanso topanda mawu, mafunso amene amafunsa amakhala omwewo omwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufatsa. Nkhani yambiri ndi ya ku America, makamaka ku New York, chifukwa n'kumene ntchitoyi inakulira, koma mayiko ena nawo ali ndi gawo lawo.

Kodi makatuni osalankhula ndi ati, ndipo anali a zaka ziti?

Ndi mafilimu a zithunzi zojambula pamanja amene anapangidwa luso loika mawu pa filimu lisanafalikire, kuyambira cha m'ma 1906 kufika cha m'ma 1929. Ambiri anali aafupi, a mphindi zosakwana 10, ndipo ankaonetsedwa m'nyumba za kanema filimu yaikulu isanayambe, pamodzi ndi nkhani za m'sabatayo. Chidole chikafuna kunena kanthu, mawuwo ankalembedwa pa chikwangwani chooneka pakati pa filimu, kapena m'kabwalo pamwamba pa mutu wake monga mmene zimakhalira m'makatuni a m'nyuzipepala.

Ndiye kuti anthu ankaonera muli zii?

Ayi. Filimu ndiyo inalibe mawu, koma m'holo munkamveka nyimbo. M'maholo aang'ono munkakhala munthu mmodzi woimba piyano, amene ankayang'ana kanemayo n'kumafulumiza kapena kuchedwetsa nyimbo malinga ndi zochitika. M'maholo akuluakulu a m'mizinda munkakhala gulu lonse la oimba, ena okhala ndi ng'oma, mabelu ndi malikhweru oti azimveka chidole chikagwa kapena chikamenyedwa. Choncho filimu imodzimodziyo inkamveka mosiyana malinga ndi holo yake. Nyimbo zimene mumamva pa makope a pa intaneti anaziika anthu ena pambuyo pake.

Katuni yoyamba yeniyeni ndi iti?

Mayina awiri ndiwo amatchulidwa kwambiri. Mu 1906, J. Stuart Blackton wa ku New York anatulutsa Humorous Phases of Funny Faces, mmene nkhope zojambulidwa ndi choko pa bolodi zimasintha n'kumamwetulira. Mu 1908, Émile Cohl wa ku Paris anatulutsa Fantasmagorie, ya zithunzi pafupifupi 700 ndipo yosafika mphindi ziwiri. Ambiri amati ya Cohl ndiyo yoyamba yojambulidwa yonse pamanja, chithunzi ndi chithunzi. Koma m'mafilimu onsewa mulibe chidole chimene munthu angachikonde kapena kuchimvera chisoni. Ndi mizere yoyenda chabe, yodabwitsa maso. Chidole chokhala ndi mtima chinadza ndi Gertie.

Gertie anali ndani, ndipo bwanji amatchulidwabe?

Gertie anali dinosaur, chilombo chamakedzana cha khosi lalitali, chimene anajambula Winsor McCay, katswiri wa makatuni a m'nyuzipepala za William Randolph Hearst. Anamuonetsa koyamba ku Chicago mu February 1914. McCay anajambula zithunzi pafupifupi 10,000 pa mapepala opyapyala, ndipo womuthandiza wake, John Fitzsimmons, ankabwereza kujambula miyala, mtengo ndi nyanja pa pepala lililonse, poti njira yachidule inali isanapezeke.

Chionetserocho chinali chotere. McCay ankaima pa nsanja pafupi ndi kanema, chikwapu m'manja, n'kuitana Gertie kuti atuluke m'phanga. Gertie ankatuluka mwamanyazi. Akamuuza kuti akweze mwendo, ankakweza, koma nthawi zina ankachita mwano, n'kuyamba kuyang'ana zina. McCay akamukalipira, chilombo chachikulucho chinkalira misozi. Chinameza mtengo, chinaponya njovu yamakedzana m'nyanja, chinamwa nyanja yonse mpaka kuuma. Pomaliza McCay ankazungulira kuseri kwa kanema, n'kuonekera m'filimumo ali kachithunzi kakang'ono, Gertie n'kumunyamula.

Chimene chinali chatsopano si kukula kwa chilombocho. McCay anaonetsa kulemera kwake poyenda, kupuma kwa mimba yake, ndi kuzengereza kwake asanamvere. Oonera ankaona ngati chikuganiza. Kuchokera apo, wojambula aliyense wofuna kuti anthu akonde chidole chake wakhala akulondola njira yomweyo. Mu 1991 filimuyi inalowetsedwa m'kaundula wa mafilimu ofunika kusungidwa wa dziko la America, ndipo mphoto ina yaikulu ya ojambula makatuni imatchedwa ndi dzina la McCay.

Ankatha bwanji kutulutsa filimu sabata ndi sabata ngati ntchito yake inali yotere?

Sakanatha, akanatsata njira ya McCay. Zinthu ziwiri ndi zimene zinasandutsa luso la munthu mmodzi kukhala ntchito ya fakitale. Choyamba, Raoul Barré, wochokera ku Canada, anayamba kuboola mapepala n'kumawakoleka pa tizikhomo kuti chithunzi chisamagwedezeke. Chachiwiri, mu 1914 Earl Hurd analembetsa njira yojambula chidole pa pepala loonekera ngati galasi, lotchedwa cel, limene ankaliika pamwamba pa chithunzi chimodzi cha malo. Malowo ankajambulidwa kamodzi kokha. Hurd anagwirizana ndi John Randolph Bray, ndipo kwa zaka zambiri situdiyo ina yofuna kugwiritsa ntchito njirayi inkayenera kuwalipira.

Bray ndiye anagawa ntchito: wina kuganiza nthabwala, wina kujambula, wina kudetsa ndi inki, wina kujambula ndi kamera. Pa situdiyo yake panadutsa anthu amene anadzatchuka pambuyo pake, monga Paul Terry, Max Fleischer ndi Walter Lantz. Zidole zoyamba kubwera mobwerezabwereza zinali Colonel Heeza Liar kuyambira 1913, Bobby Bumps wa Hurd kuyambira 1915, ndi zina zochokera m'nyuzipepala monga Mutt ndi Jeff komanso Krazy Kat kuyambira 1916.

Chidole chotchuka kuposa zonse chinali chiti?

Felix, mphaka wakuda wa maso aakulu oyera. Palibe chomuyandikira pa nthawiyo. Anaonekera koyamba mu November 1919 m'filimu ya Feline Follies, yotulutsidwa ndi Paramount, ndipo apo dzina lake linali Master Tom. Dzina la Felix linabwera patangopita milungu yochepa. Kuyambira 1922 mafilimu ake ankagulitsidwa ndi Margaret Winkler, mayi amene anali ndi mphamvu zedi pa malonda a makatuni m'zaka zimenezo, ndipo apa ndi pamene mbiri ya mphakayu inawanda.

Mu 1923 anayamba kutuluka m'nyuzipepala ku Britain ndi ku America. Chaka chomwecho ku Britain kunatchuka nyimbo ya Felix Kept On Walking. Masitolo anadzaza ndi zidole, makapu, mbale ndi mapositikhadi a Felix. Iye ndiye anayamba kuonetsa amalonda kuti chidole cha m'kanema chingabweretse ndalama zambiri kudzera m'katundu wogulitsa kusitolo. M'filimu ya Felix in Hollywood ya 1923 akukumana ndi Charlie Chaplin, katswiri wa mafilimu oseketsa, ngati anthu a msinkhu umodzi, ndipo oonera sanaone chachilendo.

Mu 1928 akatswiri a kampani ya RCA ku New York, poyesa makina oyambirira a televizioni, anaika chidole cha Felix pa mbale yozungulira ya galamafoni n'kumachiulutsa kwa maola ambiri. Munthu sakanapirira kutentha kwa magetsi owunikirawo, ndipo kuda ndi kuyera kwa Felix kunkaoneka bwino. Gulu lina la ndege zankhondo za asilikali a pamadzi a America likadali ndi chizindikiro cha Felix atanyamula bomba, ndipo ku Los Angeles kuli malo ogulitsira magalimoto a Chevrolet amene chikwangwani chake chachikulu ndi Felix.

Nanga n'chiyani chinkawakopa anthu mwa mphaka ameneyu?

Kayendedwe kake akasowa chochita. Ankaika manja kumbuyo, kuweramitsa mutu, n'kumayenda uku ndi uku. Kenako nzeru ikabwera ankadumpha, n'kuyang'ana oonera ngati akuwatsinzinira. Mchira wake unkachoka n'kusanduka ndodo, mbedza, chopalasira bwato kapena galasi loonera kutali. Chizindikiro cha funso chikaoneka pamwamba pa mutu wake, ankachigwira n'kuchigwiritsa ntchito ngati chida. Izi munthu wamoyo sangachite pa kamera, ndipo ojambula Felix anazindikira msanga kuti mphamvu ya katuni ili pomwepa.

Chinanso, Felix sanali mwana wabwino. Nthawi zambiri amakhala ndi njala, wathamangitsidwa panyumba, ndipo amapulumuka ndi nzeru, nthawi zina ndi kuba. Amene anakulira pa nthano za Kalulu samuvutikira kumumvetsa: wamng'ono, wochenjera, wopusitsa amphamvu, ndipo nthawi zina wogwa m'msampha wake womwe. Poyamba anali ndi thupi la makona ndi mphuno yaitali. Mu 1924 wojambula Bill Nolan anamupatsa maonekedwe obulungira, osavuta kujambula mofulumira komanso okongola, amene ndi omwe timawadziwa lero.

Amene anamupanga Felix ndi Pat Sullivan kapena Otto Messmer?

Funso limeneli limautsabe mkangano. Pa filimu iliyonse pankalembedwa dzina limodzi, la Pat Sullivan, mwini situdiyo, wobadwira ku Sydney ku Australia. Ndalama za katundu wa Felix zinkapita kwa iye, ndipo maulendo okalandira ulemu ku London ndi kwawo ankapita ndi iye. Koma amene ankakhala pa tebulo tsiku ndi tsiku, kuganiza nkhani, kujambula ndi kutsogolera anzake, anali Otto Messmer wa ku New Jersey, munthu wofatsa wolandira malipiro a pa sabata. Iye anali atajambulapo makatuni a Chaplin pa situdiyo yomweyo, ndipo ankanena yekha kuti anaphunzira zambiri poonerera mmene Chaplin ankayendetsera thupi.

Sullivan anamwalira mu 1933. Dzina la Messmer linayamba kumveka patapita zaka zoposa 30, anzake akale atayamba kulankhula, ndipo wolemba mbiri ya makatuni John Canemaker anamujambula filimu yofotokoza moyo wake mu 1977. Messmer anamwalira mu 1983 asanakhalepo mwini wa Felix. Ku Australia alipo amene amaikira kumbuyo Sullivan, ponena za filimu yake ya mphaka ya 1917, The Tail of Thomas Kat, ndi malembedwe a pamanja ooneka mu Feline Follies. Mfundo zawo n'zoyenera kuzimva. Komabe ife tikuona kuti ngakhale Sullivan akanakhala woyamba kujambula mphaka wakuda, khalidwe limene anthu anakonda, kuyenda kuja ndi mchira uja, linachokera m'dzanja la Messmer, ndipo n'zowawa kuti munthuyo anakalamba anthu ambiri osamudziwa.

Bwanji Koko amayenda ngati munthu weniweni?

Chifukwa poyamba anali munthu weniweni. Max Fleischer anapanga makina otchedwa rotoscope, amene anawalembetsa mu 1915 n'kuvomerezedwa mu 1917. Ankajambula munthu ndi kamera, kenako n'kuwalitsa chithunzi chilichonse pa galasi n'kumatsata mizere yake ndi cholembera. Mng'ono wake Dave anavala zovala za wanthabwala wa mu sekasi n'kumavina, ndipo ndi mmene Koko anabadwira, ngakhale dzinalo analipatsidwa mu 1923.

Mafilimu a Out of the Inkwell ankayamba Max ali pa tebulo, akutunga inki m'botolo n'kujambula Koko. Koko akakhala wamoyo ankakangana ndi womujambulayo, kutuluka pa pepala, kusokoneza mu ofesi, mpaka pomaliza kubwerera m'botolo. A Fleischer ndi amenenso anayambitsa kampira kodumpha pamwamba pa mawu a nyimbo kuti oonera aziimba nawo, cha m'ma 1924 ndi 1925. Mawu atabwera, Koko anatsalira m'mbuyo kwa Betty Boop wa 1930 ndi Popeye wa 1933, onse a situdiyo yomweyo.

Kodi n'zoona kuti Mickey Mouse anabadwa chifukwa Disney analandidwa kalulu?

N'zoona ndithu, ngakhale mawu oti "kulandidwa" amafuna kufotokoza. Situdiyo yoyamba ya Walt Disney ku Kansas City inagwa mu 1923. Amene anamupatsa mwayi wachiwiri ndi Margaret Winkler uja, pogula mafilimu a Alice Comedies, mmene kamtsikana kamoyo kamasewera ndi zidole. Mnzake wa kamtsikanako anali mphaka wotchedwa Julius, wofanana kwambiri ndi Felix, ndipo sikuti zinangochitika mwangozi.

Mu 1927 Disney ndi mnzake Ub Iwerks anapangira kampani ya Universal kalulu wotchedwa Oswald, kudzera mwa Charles Mintz, mwamuna wa Winkler, amene anali atatenga bizinesiyo. Filimu yoyamba kutuluka inali Trolley Troubles. Oswald atatchuka, Disney anapita ku New York kumayambiriro kwa 1928 kukapempha ndalama zowonjezera. Mintz anamuuza kuti alandire zochepa, poti ojambula ake ambiri anali atasaina kale mapangano ndi Mintzyo mwachinsinsi, ndipo pa pepala kaluluyo anali wa Universal. Disney anachoka atapanga mafilimu oposa 25 a Oswald. Iwerks sanamusiye, ndipo ndiye anajambula Mickey: makutu aatali anakhala obulungira, mchira unatalika. Onani yankho lokhudza Messmer pamwambapa, chifukwa nkhani ya Iwerks ikufanana nayo, kungoti iye dzina lake linkalembedwa pa mafilimu oyambirirawo.

Oswald anapitirira m'manja mwa Walter Lantz kuyambira 1929. Anabwerera ku kampani ya Disney mu 2006, pa mgwirizano umene unalola muulutsi wa zamasewera Al Michaels kuchoka ku televizioni ya ABC, ya Disney, kupita ku NBC, ya kampani imodzi ndi Universal.

Ngati Felix anali wamkulu chotere, anazilala bwanji?

Mawu ndi amene anamugwetsa. Filimu yotchuka yokhala ndi mawu ya The Jazz Singer inatuluka mu October 1927, ndipo maholo anayamba kuika makina a mawu. Pa 18 November 1928, ku Colony Theatre ku New York, Steamboat Willie inaonetsedwa, Mickey akuimba likhweru ndipo phokoso lililonse likugwa pa nthawi yake. Sinali katuni yoyamba kukhala ndi mawu, a Fleischer ndi Paul Terry anali atayesapo, koma inali yoyamba imene nyimbo ndi kayendedwe zinalukana bwino. Mickey yemweyo anali atayesedwa kale chaka chomwecho m'filimu yosalankhula ya Plane Crazy, ndipo panalibe wogula.

Sullivan anazengereza kusintha. Pamene anavomera, mafilimu a Felix a 1929 ndi 1930 anangomatidwa mawu pamwamba, ndipo anthu anaona kusiyana kwake. Sullivan anali atalowerera m'mowa, mkazi wake anamwalira mu 1932, iye n'kutsatira chaka chotsatira, situdiyo n'kutsekedwa. Messmer analibe mphamvu ya lamulo yopitirizira mafilimuwo, ndiye anangopitiriza makatuni a m'nyuzipepala ndi m'mabuku. Mu 1936 situdiyo ya Van Beuren inapanga mafilimu atatu okha a Felix amtundu. Felix wa kachikwama ka matsenga, amene ambiri amamudziwa, ndi wa pa televizioni wa Joe Oriolo wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, wofatsa komanso wopangidwira ana. Kuyambira 2014 mwini wake ndi kampani ya DreamWorks.

Kodi kunja kwa America kunalibe makatuni otere?

Analiko. Ku Russia, Ladislas Starevich ankayendetsa tizilombo touma pa kamera, ndipo The Cameraman's Revenge ya 1912 ikadali yodabwitsa. Ku Argentina, Quirino Cristiani anapanga El Apóstol mu 1917, filimu yaitali yoseka pulezidenti Hipólito Yrigoyen, koma inapsa ndi moto. Ku Germany, Lotte Reiniger anadula mapepala akuda ndi lumo n'kupanga The Adventures of Prince Achmed mu 1926, imene ndi katuni yaitali yakale kwambiri mwa zomwe zilipobe. Japan anayamba mu 1917. Britain anali ndi galu wake Bonzo, wa George Studdy, amene analowa m'kanema mu 1924.

Anali makatuni a ana?

Osati kwenikweni. Ankaonetsedwa kwa aliyense wolowa m'holo, ndipo ambiri anali akuluakulu. Muli mowa pa nthawi imene unali woletsedwa ku America, muli ndale, sitiraka ndi chibwenzi. Feline Follies imatha mphaka uja akufuna kudzipha. McCay anapanga The Sinking of the Lusitania mu 1918, yosonyeza kumira kwa sitima ya pamadzi imene anthu pafupifupi 1,200 anafa, ndipo mulibe choseketsa ngakhale chimodzi. Kholo liyambe laonera lokha lisanapatse mwana foni.

Bwanji anthu akuda amajambulidwa monyoza m'mafilimu amenewa?

Chifukwa anapangidwa m'dziko la tsankho, ndi anthu amene anakulira pa zisudzo zimene azungu ankadzipaka zakuda kumaso n'kumanyoza anthu akuda. Zisudzo zimenezo zinalowa m'makatuni mwachindunji. Sullivan, Felix asanabwere, ankapanga mafilimu a kamnyamata kakuda kotchedwa Sammie Johnsin, kojambulidwa mwachipongwe. Filimu yoyamba ya Colonel Heeza Liar inali ya ulendo wa ku Africa, yoseka ulenje wa Theodore Roosevelt, ndipo m'makatuni ambiri a nthawiyo Africa ndi tchire la zilombo ndi anthu odya anzawo. Akatswiri ena amati ngakhale nkhope yakuda ya pakamwa poyera ndi magolovesi oyera, zimene zinafala pa zidole zambiri, zinachokera ku zisudzo zomwezo.

Sitikuona chifukwa chobisira zimenezi kapena kuzichepetsa ndi mawu oti "inali nthawi yake". Anthu akuda a nthawiyo zinkawapweteka, ndipo kwa mamiliyoni a oonera amene sanafikepo ku Africa, chithunzi chimenechi ndicho chinakhazikika m'mutu. Munthu angathe kuyamikira luso la Messmer n'kukanabe chipongwecho.

Atsala angati, ndipo ndingawaone kuti?

Ambiri anatayika. Filimu ya nthawiyo inkapangidwa ndi nitrate, imene imayaka msanga ndipo imawola ikakhalitsa. Mawu atabwera, makampani ankaona mafilimu osalankhula ngati zinyalala. Kafukufuku wa Library of Congress wa 2013 anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mafilimu aatali osalankhula a ku America anatheratu, ndipo timakatuni tatifupi sitinkasamalidwa kuposa apo.

Ena amapezekabe mwamwayi. Mafilimu a Oswald amene ankaganiziridwa kuti anatayika anapezeka ku Norway mu 2014, ku British Film Institute mu 2015 ndi ku Japan mu 2018. Otsalawo ambiri ali pa YouTube ndi pa Internet Archive kwaulere, ndipo poti ndi aafupi sadya bandulo yambiri. Woyamba kumene ayambe ndi Gertie, kenako Felix in Hollywood, kenako filimu iliyonse ya Out of the Inkwell.

Kodi ndingasindikize Felix kapena Mickey wakale pa malaya n'kumagulitsa?

Samalani. Ku America umwini wa filimu za nthawiyo umatha pakapita zaka 95, n'chifukwa chake mafilimu a Oswald a 1927 anamasuka mu 2023 ndipo Steamboat Willie inamasuka pa 1 January 2024. Koma chimene chamasuka ndi filimuyo ndi maonekedwe a chidole a chaka chimenecho. Mickey wamtundu wa zaka zapambuyo pake ndi Felix wa kachikwama akadali ndi eni ake. Kuwonjezera apo, mayina ndi nkhope zawo n'zolembetsedwa ngati zizindikiro za malonda, ndipo chitetezo chimenecho sichitha ndi zaka malinga ngati kampani ikuchigwiritsabe ntchito. Malamulo amasiyananso dziko ndi dziko, choncho wa ku Malawi afunse ku COSOMA kapena kwa loya asanaike ndalama zake pa katundu wotere.

Ojambula a lero atengako chiyani?

Tizikhomo ta Barré tikadali pa matebulo a ojambula pamanja. Njira ya McCay yoyamba kujambula zithunzi zikuluzikulu za kayendedwe, kenako n'kudzaza zapakati, ndi imene mapulogalamu a kompyuta amatsata. Rotoscope ya Fleischer ikugwirabe ntchito m'mafilimu ndi m'magemu. Manja ndi miyendo yopindika ngati paipi ya labala, imene Bill Nolan amatchulidwa nayo, inabwereranso mu gemu ya Cuphead ya 2017. Ndipo makatuni osadalira mawu sanathe: Tom and Jerry kuyambira 1940, Pingu, Shaun the Sheep, ndi Flow ya ku Latvia, ya mphaka, yopanda liwu la munthu ngakhale limodzi, imene inapata Oscar mu 2025.